Nkhungu m'maso mwa Americo

Pa Chitakale, munthu chitsulo chikamuthyokera sankafunsa njira, ankangolunjika kwa Americo Yosiya. Bamboyu anaoloka malire kuchokera ku Milanje, ku Mozambique, ali mnyamata, nthawi ya nkhondo, n'kukaphunzira kuwotcherera pa galaja ina ku Chonde. Anali wamakani zedi. Chigoba chotchinga kumaso ankati n'cha amantha, iye zaka zonsezo ankawotcherera atavala magalasi a dzuwa ogula pamsika. Koma tinene zoona, ntchito yake inalibe chilema, ndipo anzake ankawanyoza kuti amangomata pamwamba ngati akuzira nyumba.

Tsono maso aja anatopa. Pakati pa chilichonse chimene wayang'ana pankakhala nkhungu. Sanauze munthu, ngakhale mkazi wake Marcia, podziwa kuti zikangomveka zoti wowotcherera sakuona, pakhomo pake pamera udzu.

M'mawa wina kukuwaza chiperoni, Lenard anafika ndi thirakitala yake. Chitsulo chokokera ngolo chinali chitaduka pakati, chonsecho ngoloyo inkayenera kunyamula bokosi la maliro ndi anamfedwa kupita kumudzi wa m'tsinde mwa phiri, msewu wake wa zitunda zokhazokha.

"Madala, ingomatani msanga," anatero Lenard. "Mwambo wonse ukudikira ine."

"Zomata zanuzo mukachitire kwina," anayankha Americo.

Anatenga galainda n'kusema m'mphepete mwa zidutswa ziwirizo kuti pokumana pakhale kangalande, n'kusiya kampata pansi pake. Izi manja ankazidziwa okha. Marodi owotcherera anawatulutsa m'chitini chimene chinkakhala pafupi ndi mbaula kuopa chinyezi. Anagwiriza uku ndi uku, kenako anayendetsa mzere woyamba, wapansi penipeni, umene mizere ina yonse imakhalapo. Motowo ankautsata ndi khutu. Atagogoda nkhanambo zapamwamba ndi kahamala, anawerama kuti aone.

Sanaone kanthu koma nkhungu ija. Anati ayendetsepo chala, chitsulo chinamuwotcha. Apa munthu wamkulu anachita mantha. Ngati mzerewo unali ndi timabowo, mizere yapamwamba ikanatibisa bwinobwino, Lenard n'kunyamuka akumwetulira, chitsulo n'kukalekana pamtsetse ngolo itadzaza anthu.

"Bwanji madala, mwaona njoka?" Lenard anafunsa, akupondaponda.

Kutsidya kwa msewu kunali shedi ya Robson, amene Americo anamuphunzitsa yekha ntchito. Chipatukireni kukayamba zake, awiriwa ngakhale moni sankapatsana. Chapafupi anyamata oitanira minibasi anali atabisala mvula m'khonde, makutu ali tcheru, ndipo amenewa nkhani sagona nayo. Americo anagwira choikamo rodi, n'kuchisiyanso. Anachigwiranso. Thukuta linali kamukamu ngakhale kunkazizira.

"Robson!" anakuwa. "Tabwera kuno!"

Robson anaoloka msewu monyinyirika, akupukuta manja. "Mwaitana ine, abwana?"

"Tandionere mzerewu. Maso anga atha."

Aliyense anamva, ngakhale anyamata a m'khonde muja. Robson anagwada n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Wafumbwa, abwana," ananena motsitsa mawu. "Timabowo kuyambira uku mpaka uku. Rodi mumaitalikitsa."

"Sema wonsewo. Uyambirenso iweyo."

Robson anakatenga chigoba chake, anasema mzere wonse mpaka chitsulo chinayera, n'kuyatsa moto. Americo anamugwirira chitsulo ndi pulayala, atatembenukira kumbali. Zinamuwawa kwambiri, pakuti phokoso la motowo linali losalala, lopanda chilema.

Robson ali mkati mwa mzere wachitatu, mayi wina anatulukira akukankha wilibala yothyoka mwendo, akulunjika kwa Americo. Mmodzi wa anyamata aja anamukodola n'kumunong'oneza. Mayiyo anaima, anamuyang'ana Americo mwachisoni, kenako anakhotetsa wilibala yake kukadikira pa shedi ya Robson. Nkhope ya mayiyo Americo sanaione, koma kulira kwa tayala likuoloka msewu anakumva bwinobwino.