Mafomu a ku seminale

Mwana wanga woyamba atamwalira, esiteti yathu ya fodya kufupi ndi Chamama inayenera kudikira mwana wake wamwamuna, yemwe anali mu Sitandade 8. Mwana wanga wachiwiri anavomera zimenezi pamaliro pomwepo, anthu akumva. Ine ndinkayang'ana manja ake. Ankaseweretsa makiyi a shedi.

Chaka chisanathe anayamba kukonda mapemphero. Ankanyamula mnyamatayo panjinga yamoto kupita naye ku Misa, anamugulira kolona, kenaka anabwera ndi mafomu a ku seminale.

"Amayi, mwanayu ali ndi maitanidwe. Simukuona mmene amagwadira?"

"Iwe wagwada zaka zingati? Bwanji sunakhale wansembe?"

Anaseka, n'kusiya mafomuwo patebulo.

Mlongo wa mnyamatayo, amene ankaphunzira kusekondale ya Nkhamenya, anabwera patchuthi ndi buku la mbiri yakale. Tikusoka fodya, anandiwerengera za mabanja achifumu a ku Jeremani akalekale. Akuti wolamulira chigawo akafa n'kusiya mwana wamng'ono, achibale ankalimbirana dzikolo. Ena ankapha mwanayo. Ochenjera ankangomumeta n'kumutsekera kunyumba ya amonke, amuna odzipatulira kumapemphero, poti wometedwa sankalamuliranso.

"Agogo, si abambo aang'ono amenewa?"

"Soka fodya. Matenanti ali ndi makutu."

Patapita kanthawi ndinamufunsa kuti ometedwawo ankatha bwanji. Anavundukula masamba angapo. Akuti ambiri ankakalamba.

Chichitikire maliro aja, chakudya cha mnyamatayo ndinkaphika ndekha. Madzi ndinkatunga ndekha, mtsuko n'kuusunga kuchipinda kwanga. Mpongozi wanga, mkazi wa mwana wachiwiriyo, akabweretsa mandasi, ndinkayamba ndaponyera galu. Sindikunena kuti wina anafuna kuthiramo kanthu, sindikudziwa. Mwina mwana wanga anaonadi maitanidwe. Koma miyendo inali itayamba kundikana, ndipo mchere ndi fetereza ndinali nditayamba kuzisiyanitsa ndi lilime.

Mnyamatayo anandipeza ndikutsuka mtsuko uja.

"Agogo, ndipite? Nanga munda wa ababa?"

"Iweyo ukufuna chiyani?"

"Kaya."

"Pita. Kumeneko onse amadya zamumphika umodzi."

Mafomu ndinasayina ndine. Mlongo wake sanandilankhule mpaka tchuthi chinatha.

Nthawi yofesa nazale itakwana, mwana wanga anabweretsa matenanti atsopano ochokera kummwera. Anayenda nawo malire onse akuloza ndi dzanja, mpaka kudambo kumene mkulu wake ankalima yekha. Ndinaonerera ndili pakhonde. Ndinadikira kuti mtima undipweteke, koma sunapweteke.