Zala za abusa athu

Chaka cha riferendamu ine ndinali womasulira wa abusa athu achizungu pa katchalitchi ka Babatisti ku Bangwe. Ntchito yanga yeniyeni inali ya ukalaliki ku Limbe, koma Lamulungu lililonse ndinkaima pambali pawo, iwo akalankhula Chingerezi chawo cha m'mphuno chija, ine n'kuchitola n'kuchipereka kwa anthu m'Chinyanja. Anachokera ku Amereka ndi akazi awo ndi ana atatu, womaliza ali wakhanda. Anali munthu wabwino, koma sankatha kulankhula manja ali phee.

Masiku amenewo chala chinali ndi mlandu. Ukakweza chimodzi ndiye kuti ndiwe wa chipani chimodzi, ukakweza ziwiri wafuna matipate. Tsono ulaliki wa abusa athuwa unkakhala wa mfundo zitatu, ndipo mfundozo ankaziwerenga ndi zala m'mwamba.

Loweruka lina ndinapita kwawo. Ndinapeza amayi busa akuphunzitsa ana akuluakulu awiri aja masamu pa tebulo lodyera, poti sukulu yawo inali yomweyo, khanda lili pamiyendo. Ndinati, "Abusa, mawa manja m'thumba. Mzungu wochita ndale amamupatsa tsiku limodzi lolongedza. Inu mukakwera ndege, nanga ine ndege yanga ili kuti? Ine adzandiponya m'galimoto ya apolisi."

Abusa anaseka. Amayi busa sanaseke ngakhale pang'ono. Anati adzakhala pa benchi ya kutsogolo, ndipo dzanja likangonyamuka adzatsokomola.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza. Pa benchi ya kumbuyo panakhala bambo wina wachilendo wa magalasi akuda, kabuku ndi cholembera m'manja. Anthu otere tonse tinkawadziwa, sankabwera ndi Baibulo.

Abusa anayamba bwino, manja ali m'thumba ngati mnyamata wokafunsira. Azimayi anayamba kunong'onezana kuti mzungu wayamba mwano pa guwa. Ine mumtima ndinati nong'onezanani, bola tikagone kwathu. Koma ulaliki utafika pokoma ndinangoona dzanja latuluka. "Choyamba!" Chala chimodzi chili njo. Amayi busa anatsokomola. Mayi wina wa chitenje cha chipani anaimba nthungululu, anyamata n'kumang'ung'udza.

"Chachiwiri!" Mayo ine! Zala ziwiri m'mwamba. Anyamata aja anadzuka onse, malikhweru, m'manja, mapazi. Abusa poona chimwemwe chotere anayesa chitsitsimutso chafika, ndiye anayamba kuzigwedezera zalazo uku ndi uku, nkhope ikuwala. Amayi busa anatsokomola mpaka mnzawo wa pambali anathamangira madzi. Ine ndinamasulira kuti, "Abusa akuti khalani pansi, kudakali chachitatu!" pamene iwo sananene zimenezo. Kunena zoona ndinapsa mtima, ndinkafuna kuziluma zala zimenezo.

Pamenepo amayi busa anaimirira, anayenda mpaka pa guwa, n'kuwapatsira amuna awo khanda lija. Mfundo yachitatu abusa anailalikira manja onse ali pa mwana, mwanayo akuwakoka tayi.

Titaweruka bambo wa magalasi uja anandikodola, n'kundikokera kuseri kwa tchalitchi. Ndinaganiza za mkazi wanga amene anali woyembekezera, kuti akamva bwanji.

"Ndinu womasulira?" anandifunsa.

"Ndine, bwana."

Anatsegula kabuku kaja, n'kukayang'ana nthawi yaitali. "Ine ndalemba kuti abusa anu amaingitsa ntchentche. Kuno ntchentche zachuluka, si choncho?"

"Zachuluka zedi, bwana. Msika uli pafupi."

"Sabata yamawa kubwera mnzanga," anatero akutseka kabuku. "Ameneyo ntchentche saziona. Mwana uja asadzamutsitse."

Anatembenuka n'kumapita, osandiyang'ananso. Ine ndinakhala pa mwala, ndikuseka ndekha, misozi ili chuchuchu, ndipo sindinathe kudzuka mpaka anthu onse atabalalika.

Kuyambira pamenepo mpaka tsiku loponya voti, abusa ankalalikira mwana ali m'manja, nthawi zina akugona, nthawi zina akulira kuposa ine womasulira. Chifukwa chake tinkachidziwa atatu okha. Azimayi a mumpingo anangoona mzungu wolera mwana pa guwa, ndipo amuna a ku Bangwe tinavutika chaka chonsecho. Ngakhale mkazi wanga atachira anandipatsira khanda lathu pakhomo pa tchalitchi, nati, "Inu mumaima nawo pafupi, simunaphunzireko?"