Ndege ya atate ku Mtendere

Fungo la guluu kwa wosoka nsapato landikumbutsa ndege ya atate. Mzungu amene ankamugwirira ntchito anawapatsa bokosi la tizidutswa tapulasitiki, ndipo Lamlungu lililonse ankamata mapiko, mawilo ndi timabomba ta kandege kankhondo. Nditafunsa ntchito yake, anaseka: "Tizayenda nako ku Chipata."

Ndinakalengeza kumpopi kuti tonse asanu a m'banja mwathu tikwanamo.

Tsiku lomwelo mwininyumba anabwera ndi mneneri, khamu lili pambuyo.

"Ba Phiri, iyi ndeke ya ufiti imamwa magazi ya ndani?" anafunsa mneneriyo.

Atate anaonetsa pepala la malangizo, iye nkuti ndi mapu a kumanda. Khamulo linathira kandege palafini wa m'botolo nkukatentha pabwalo, ine ndikulirira ulendo wanga. Ndadziwa nditakula kuti palafini wotsala m'botolo muja anali woti atenthere atate.