Zoyera Pazokha

Bambo mfumu anandipempha kuti ndilembe mbiri ya agogo anga aamuna m'kalata ya parishi ya mwezi uno. Anati popeza ndinapita ku yunivesite, ndiyenera kudziwa kulemba. Ndinavomera, ngakhale zomwe ndinaphunzira kumeneko ndi za nthaka ndi feteleza. Ambiri a inu dzina lawo la ubatizo simulidziwa. Munkawatchula kuti a Pazokha, ndipo inenso ndiwatchula choncho.

Anabadwira m'banja la ana ambiri ndi zofunda zochepa. Bambo awo anamwalira iwo akadali aang'ono, ndipo sukulu anaisiyira panjira. Mayi awo ankachapira anthu zovala, iwo n'kumanyamula mitolo yochapachapa kukapereka kwa eni ake. Ankanena kuti kupemphera anakuphunzira ali ndi mtolo pamutu, chifukwa mvula ikayamba kudontha iwe utasenza zovala za mwini, palibe wina woti umuitane koma Mulungu.

Atakula analembedwa ntchito m'chipinda chochapira cha chipatala, ndipo anagwira kumeneko mpaka kupuma. Chinali chipinda cha nthunzi ndi phokoso, makina akale akugwedeza pansi, fungo la mankhwala oyeretsera likulowa m'maso. Mashiti a pabedi ankabwera ndi magazi, mafinya ndi zina zosayenera kuzilemba m'kalata ya parishi. Iwo sankakwinya nkhope. Wantchito watsopano aliyense ankamva lamulo limodzi tsiku loyamba: "Zoyera pazokha, zamitundu pazokha." Analinena kambirimbiri mpaka linasanduka dzina lawo.

Utumiki wawo mumaudziwa. Nsalu za paguwa ankachapa ndi kusita okha sabata iliyonse, osapempha ngakhale sopo. Akaweruka ankadutsira m'mawodi, ndipo wodwala wopanda womudikirira ankamusintha zofunda n'kupemphera naye. Mowa sankaulawa, bodza sankalidziwa. Pa Misa, ikafika nyimbo yotamanda kuyera kwa Mulungu, ankatsinzina n'kuimba ndi mtima wonse, mawu ali kutali ndi a kwaya. Ankakonda kunena kuti, "Mulungu alibe banga. Ndiye ife tikalowa bwanji kwake ndi mabanga?" Sankanena izi poopseza anthu. Ankazinena akunjenjemera okha.

Koma ankakhulupirira kuti kuyera kwa mtima kumasungidwa monga kuyera kwa nsalu, posasakaniza. Apa ndi pomwe mbiri yawo imawawa.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, amene ndi mayi anga. Amayi anatenga mimba asanakwatiwe, ndipo mwamunayo anazimiririka ngati utsi. Mimbayo ndi ine. Agogo sanakalipe, sanamenye, sanathamangitse munthu. Anatulutsa makala ndi njinga m'kachipinda ka kuseri, anakapaka laimu, anaikamo bedi, mpando, mbale imodzi ndi kapu imodzi. Kenako anasiya kulankhula ndi mwana wawo. Mawu onse ankadutsira mwa agogo aakazi, ngakhale atatuwo ataima pabwalo limodzi.

"Muwauze amake mwanayu kuti denga lawo ndakonza," ankatero agogo aamuna.

"Si awa ali apawa, bambo? Makutu ali nawo, ndinawabereka nawo ndine."

"Muwauze."

Agogo aakazi ankapuma mozama n'kutembenuka. "Akuti denga lako akonza."

"Muwauze kuti zikomo," ankayankha amayi.

Ndili mwana ndinkayesa kuti mabanja onse amalankhulana choncho. Ine agogo ankandikonda popanda mkhalapakati. Ankandinyamula paphewa kupita ku Misa, n'kukhala nane kutsogolo, amayi atakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Sukulu yanga yonse anaisenza okha. Ndipo m'mawa uliwonse ndinkawamva kudzera pakhoma akupempherera amayi. Dzina lomwe sankalitchula pamaso pa mwini wake ankalitchula kwa Mulungu tsiku ndi tsiku.

Ansembe anabwera n'kupita, aliyense anayesako kuwayanjanitsa. Yankho la agogo linali limodzi: "Sindinamude ayi, bambo. Ndikudikira kuti ayere." Amayi analapa kalekale, anabwerera ku masakramenti, ankagwira ntchito yosoka n'kundilera mwaulemu. Sindidziwa kuti agogo ankadikira kuona chiyani. Ndikuganiza kuti nawonso anafika poiwala, koma chizolowezi chinali chitauma ngati simenti.

Agogo aakazi atadwala, ine ndili ku yunivesite, anapempha chinthu chimodzi: kuona mwamuna wawo ndi mwana wawo akudyera patebulo limodzi. Agogo aamuna anati, "Mukachira tidzaona." Sanachire.

M'nyumba munatsala anthu awiri opanda wowanyamulira mawu. Ankalankhulana kudzera m'zinthu. Chitini cha shuga chikatha, amayi ankachisiya patebulo chotsegula, mawa lake n'kuchipeza chodzaza. Babu likapsa kuseri, ankapeza latsopano pakhomo. Zaka zoposa makumi awiri zinali zitadutsa, ndipo aliyense ankaona kuti nkhalambayo ipita kumanda isanalankhule ndi mwana wake.

Nthawi imeneyo manja a agogo anali atatha. Mankhwala a kuchipatala anadya khungu, nyamakazi inapinda zala. Nsalu za paguwa anali atazisiyira ena, koma shati yawo yoyera ya Lamulungu ankalimbana nayo okha. Loweruka lina, ine ndili patchuthi, anainyika m'beseni n'kulephera kuifinya. Anaisiya momwemo, osapempha munthu. Amayi anaitenga n'kuichapa. Anaichapira pamodzi ndi diresi yawo yofiira yatsopano.

Amayi amati zinachitika mwangozi. Mwana wa a Pazokha, wokulira m'nyumba imene ija. Ine ndimangomva.

Lamulungu m'mawa shatiyo inali pampando wa agogo, yositasita bwino, kolala ili chilili, mtundu wake wa pinki. Agogo anaima n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Shati zina anali nazo m'kabati. Ndinaganiza kuti andiuza kuti, "Muwauze amayi anu," ndipo ndinali nditakonzeka kulandira udindo wa malemu agogo aakazi. Koma anaitenga pampandopo. Anaivala, ndipo ndinawathandiza kumanga mabatani.

Ena a inu munaliko tsiku limenelo. Agogo anayenda pakati pa tchalitchi mpaka kutsogolo, amayi a m'kwaya akugwirana m'nthiti. Misa itatha, mnzawo wakale wa kochapira anawatsekera njira pakhomo.

"A Pazokha! Lero zasakanikirana?"

"Zasakanikirana, achimwene."

"Ndani wachita zoopsazi? Timuchotse ntchito!"

"Mwana wanga," anatero agogo mokweza. "Wandichapira mwana wanga."

Amayi anali ataima pafupi ndi chitseko, pamalo pawo pa nthawi zonse. Anawerama n'kuyamba kufunafuna chinthu m'chikwama, ndipo anachifunafuna nthawi yaitali.

Masana amenewo agogo ananyamula mbale yawo ndi manja opindika aja, anazungulira nyumba, n'kukaima pakhomo pa kachipinda ka kuseri.

"Odi. Ndidye nawo kuno?"

"Mpando ndi umodzi, bambo."

"Ndikhala pansi."

Amayi anawapatsa mpandowo, iwo n'kukhala pabedi. Agogo sanayambe kudya. Anati, "Zaka zonse zija kuchipatala, nsalu ya litsiro kwambiri ndi yomwe ndinkaigwira nthawi yaitali m'manja. Sindinaiponyepo pakona kuti iyere yokha. Nanga Mulungu ndinkamuyesa wotani? Ndinkadziyesa nsalu yoyera yoopa kudetsedwa. Chonsecho ndinali pamulu womwewo wodikira kuchapidwa. Undikhululukire, mwana wanga."

Ndikanakonda kulemba kuti anakumbatirana akulira. Amayi anangoti, "Idyani, bambo, chakudya chikuzizira." Koma anawathira madzi m'kapu yawo imodzi ija.

Agogo anakhala ndi moyo zaka zina ziwiri. Sizinali zokwanira. Mawu a zaka makumi awiri sangalowe m'zaka ziwiri, ndipo onse awiri anali atazolowera kukhala chete. Agogo ankafunsa mafunso ochedwa: ngati amayi anavutika pobereka, chifukwa chake anasiya kuimba, ngati kachipinda kaja kankazizira. Amayi ankayankha ena, ena ayi. Anasamukira m'nyumba yaikulu, ndipo awiriwo ankadyera patebulo limodzi, mpando wa agogo aakazi uli pakati pawo wopanda munthu. Agogo ankauyang'ana kawirikawiri. Tsiku lina ndinawamva akuuza mpandowo kuti, "Munapempha chinthu chaching'ono."

M'zaka zimenezo anayamba utumiki womwe sunalengezedwepo m'tchalitchi. Akamva kuti m'banja lina mtsikana watenga mimba, ankatenga ndodo yawo n'kupita kukaona bambo wa m'nyumbamo. Sankalalikira. Ankangofotokoza za kachipinda ka kuseri, n'kumaliza ndi mawu akuti, "Ine ndinayesa. Sikayeretsa munthu." Pali atsikana m'parishi muno amene akudyera patebulo la makolo awo chifukwa cha maulendo amenewo, ndipo mwina sakudziwa. Kokalapa ankapita kawirikawiri kuposa kale. Nyimbo ya kuyera kwa Mulungu ankaiimbabe mosemphana ndi kwaya, koma tsopano ankaiimba maso ali otsegula, akuyang'ana anthu.

Anamwalira masana a tsiku lowala bwino, atalandira mafuta a odwala. Amayi anali akuwapukuta kumaso ndi kansalu konyowa.

"Ukundichapa?" anafunsa chapansipansi.

"Ndikungokupukutani, bambo."

"Pitiriza. Zotsalazo akamaliza Mwini wake."

Anagona, amayi akupukutabe, ndipo sanadzukenso.

Pamaliro ambiri ananena kuti a Pazokha anali munthu wopanda banga. Iwo akanakana. Chitsanzo chomwe atisiyira ndi cha munthu amene ankaopa Mulungu moona, nalakwitsa kumumvetsa kwa nthawi yaitali, koma atakalamba, anthu onse akumulemekeza, analola kukonzedwa. Mulungu woyera amene ankamutumikira sanamusiye pakona. Anamugwira m'manja mpaka kumapeto.

Ndisanapereke mbiriyi kwa bambo mfumu, ndinawerengera amayi, chifukwa nkhaniyi ndi yawo kuposa yanga. Anamvetsera ali pamakina awo osokera, osandiyang'ana. Nditamaliza ndinawafunsa ngati ndichotse za kachipinda ka kuseri.

"Usachotse," anatero. "Ulembe kuti anachedwa. Mayi anga anapita osaona, ine utsikana wanga unathera kuseri kuja. Ulembe zimenezo."

Anadula ulusi ndi mano.

"Ulembenso kuti anafika."