Tomasi Phiri Wachinayi

Lolemba lapitali ndinali pa siteshoni kudikira phukusi la fodya wa kwathu, lomwe mpaka lero silinafike, pamene mayi wina anandikoka jekete. Anali atangotsika sitima, mtolo pamutu, mapazi ali mbuu ndi fumbi.

"Pepani bambo, ndamva mukukalipa m'chakwathu. Ndikufuna a Tomasi Phiri."

Ndinaseka, Mulungu andikhululukire. "Mayi, Tomasi Phiri wake uti?"

"Wotchukayo."

Mayiwa anali a Naphiri, ochokera ku Dowa. Mlongo wawo Tomasi adachoka kumudzi mwana wa a Naphiri akali kubere. Lero mwanayo ndi namwali, mwamuna wapezeka, koma ukwati waima. Malume wamkulu adamwalira, ndipo akuchimuna akuti sangakhale pansi popanda nkhoswe. Akhala akudikira kuyambira nthawi yokolola, ndipo anena poyera kuti mvula ikagwa akaona kwina. Mtsibweni wa mwanayo watsala mmodzi, ndi Tomasi. M'zaka zonsezi adalemba kalata imodzi yokha, ndipo a Naphiri adailoweza pamtima: "Musade nkhawa, kuno ku Bulawayo aliyense amandidziwa."

Inu owerenga mukudziwa kale pamene panali vuto. Kwathu Phiri si dzina, ndi mfunda. Koma ukafika pa ofesi ya chitupa kalaliki amangoti "Isibongo?", kufunsa dzina la makolo m'Chindebele, iwe nkuti Phiri, iye nkulemba, basi zatha. Dzina loyamba unalitola ku mishoni limodzi ndi anzako onse a m'kalasimo. Ndiye taimani pakati pa lokesheni yathu ya Makokoba mufuule kuti "Tomasi Phiri!" muone mitu imene itembenuke.

Otchuka ndinkadziwa atatu. Ndinati tiyambe ndi wapafupi.

Woyamba ndi telala uja wa makina pakhonde, amene suti zake zakwatitsa theka la lokesheni. Anavula magalasi nkuwayang'ana mayiwo kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akufuna kuwayeza.

"Kwanu nkuti, mayi? Mudzi wa yani?"

Atamva, anapukusa mutu. Iye ngwa ku Nkhotakota, ku Dowa sadapondeko. Ndinkati tizipita, koma iye anali ataitana kale mkazi wake m'Chindebele kuti abweretse tiyi ndi buledi.

"Phiri ndi Phiri. Mlongo wanga sangachoke pakhomo panga ndi njala."

Tiyi atatha, anavundikira makina ndi nsalu, nkutitsatira. Kasitomala amene anadzera thalauza lake anatsala akulalata yekha.

Wachiwiri ndi wankhonya, amene Lamulungu masana amagwetsa amuna anzake pabwalo, anthu nkumakwera m'mitengo kuti aone. Mkati mwa sabata amasenza matumba ku njanji. A Naphiri atangoona chifuwa chakecho anabwerera m'mbuyo.

"Ayi, achimwene anga ngochepa thupi. Awa ayi!"

Chimunthu chija chinaseka mpaka kukhosomola. Ngwa ku Ntcheu. Koma anawalanda mtolo nkuunyamula ndi dzanja limodzi, akuti mlongo wa Phiri sasenza katundu Phiri ali pomwepo. Kapitawo wake atayamba kufunsa, iye anangomuyang'ana, nkhani nkuthera pomwepo.

Pofika ku chipatala tinali ngati gulu lokapereka mkwatibwi. Kumeneko kuli wachitatu, wothandiza madokotala, amene tonse timamutcha a Dokotala ngakhale ntchito yake nkumanga mabala ndi kutanthauzira odwala. Ngwa ku Kasungu. Atanena zimenezo, a Naphiri anakhala pansi pa simenti.

"Ndiye kuti anandinamiza. Kapena adafa kalekale, ine ndikungovutitsa anthu."

Tonse tikuwadziwa matchona amene adalemba kalata imodzi yokoma nkuzimiririka.

A Dokotala ndi munthu wa mabala, ndiye anafunsa za mabala. "Mayi, ali ndi chizindikiro chilichonse pathupi?"

"Dzanja lamanzere. Zala ziwiri zidamatana. Adagwera pamoto tili ana, akundiotchera mbatata."

A Dokotala anayang'ana telala. Telala anayang'ana wankhonya. Ine ndinayang'ana pansi, chifukwa dzanja limenelo ndikulidziwa bwino. Ndi limene lidatseka maso a mng'ono wanga chaka chija adafa ndi chifuwa.

"Ndi Adzukulu," anatero a Dokotala motsitsa mawu.

Kwathu adzukulu ndi anthu osambitsa maliro ndi kukumba manda, ndipo amakhala ambiri. Kuno tili naye mmodzi. Masana amasesa pamsika. Koma munthu wa kwathu akafera kuno wopanda mbale, ndi iyeyu amabwera ndi beseni lake ndi sopo, osaitanidwa kawiri. Wasambitsa Achewa, Atonga, Angoni, sasankha. Tonse timangoti Adzukulu. Ine amene ndimadzitama kuti ndimadziwa aliyense mu lokesheni muno, sindinamufunsepo dzina. Manyazi anandigwira, sindikubisirani.

Tinamupeza kuseri kwa msika akukusa makoko a nzimbe. A Naphiri sanayang'ane nkhope, anayang'ana dzanja lomwe linagwira tsache.

"Achimwene!"

Tsache linagwa. Munthu uja anaima ngati wamva bingu, kenaka anati, "Esitere? Esitere, wabwera bwanji kuno?" Kulira kumene kunali pamenepo, amayi ogulitsa masamba anasiya malonda nkubwera kudzathandiza kulira osadziwa nkomwe chachitika. Wankhonya ankati utsi wamulowa m'maso. Panalibe moto paliponse.

Misozi itaphwa, a Naphiri anayamba kukalipa, monga alongo amachitira.

"Inu simunati aliyense amakudziwani? Ndayenda mzinda wonse ngati wamisala!"

"Sindinaname, mlongo wanga. Amandidziwa. Koma amandikumbuka tsiku loipa lokha."

Atamva za ukwati wa mwana wa mlongo wake, anakhala pa bokosi nkugwira mutu. Anati sangapite. Nkhoswe yovala malaya a zigamba idzangochititsa mwana manyazi pamaso pa akuchimuna. Ndipo chinanso: "Ndikachoka, wina nkufa, amusambitsa ndani?"

Telala anatulutsa tepi m'thumba nkuti, "Taimirirani, amzanga a dzina. Tambasulani manja." A Dokotala anati kalata ya ulendo aiyendera okha, amadziwa khomo logogoda. Wankhonya anayang'ana zikhatho zake.

"Manja awa amenya anthu ambiri. Sangalephere kusambitsa mmodzi. Mundiphunzitse musanapite, achimwene."

Chibale ndi fupa, sichiola. Koma ine chandivutitsa sabata yonseyi nchina. Tikakhala pansi timawerenga anthu athu otchuka kuno: wakuti amasoka, wakuti amamenya nkhonya, wakuti amayankhula Chingerezi ndi madokotala. Nzoona, ndipo atatuwa ndikuwavulira chipewa, aonetsa kuti mfunda si chinthu chongolembedwa pa chitupa. Koma a Naphiri akanapanda kubwera, tsiku lina Adzukulu akanafa, ife tikanalemba chiyani pa mtanda wake? Kalata tikanaitumiza kumudzi uti?

Loweruka m'mawa ndinabwerera pa siteshoni. Fodya wanga sanabwerebe. Koma ndinaona Tomasi Phiri wa ku Dowa ali mu suti yaimvi, akuyenda mosamala ngati wasenza mazira, mlongo wake akumukonza kolala mphindi iliyonse. A Tomasi enawo atatu anaima pamzere akukweza zipewa. Beseni ndi sopo zatsala m'chipinda cha wankhonya, ndipo akuti akupemphera kuti aliyense akhale ndi moyo mpaka mwini wake abwere.

Ndidaseka nkufunsa kuti Tomasi Phiri wake uti, mayi aja nkuti wotchukayo. Sadalakwe iwo. Nanga inu, munthu amene adzakutsekeni maso kuno kuchilendo, dzina lake mukulidziwa?