Mayi a Taipi ndi Tsamba Limene Linkaweruka Madzulo

Moni kwa inu nonse owerenga, akulu ndi aang'ono omwe. Mbiri imene yalembedwa pano ndi ya mayi amene dzina lawo lonse, monga limatchulidwira kuntchito kwawo, ndi Mayi a Taipi a ku Chipinda Chakumapeto. Dzinali analipata pa sukulu ina yaing'ono yophunzitsa ntchito zamanja, imene ili pamwamba pa sitolo ya penti. Munthu wokwera masitepe amayamba wamva fungo la penti, kenaka phokoso la makina osokera, ndipo akayenda mpaka kumapeto kwa khonde amapeza chitseko chobiriwira chimene sichitsekeka popanda kuchikankha ndi bondo. Chimenecho ndicho chipinda chawo.

Mayi a Taipi anabadwa m'banja la munthu wokonza mawotchi. Sukulu sanapite nayo patali, koma zala zawo zinali zaliwiro, kotero kuti analembedwa ntchito yotaipa makalata pa kampani yonyamula katundu asanakwatiwe n'komwe. Ofesi imeneyo inapsa chifukwa chakuti munthu wina anaiwala ketulo pamagetsi poweruka. M'mawa mwake iwo anaona ndi maso awo taipi yawo itapindika ngati chitini chopondedwa ndi lole. Kuyambira pamenepo anadziikira lamulo lakuti poweruka, chilichonse chokhala ndi chingwe chizimitsidwe pakhoma, chivundikiridwe ndi nsalu, ndipo chipinda chisiyidwe chili zii. Lamuloli anayenda nalo kulikonse kumene anagwirako ntchito. Ngakhale kunyumba, amuna awo, amene anali oyendetsa basi, ankadandaula kuti wailesi imazimitsidwa woimba asanatseke pakamwa.

Mataipi atatha ntchito, anzawo ambiri anakakhala kunyumba. Iwo anagula timabuku tophunzitsa kompyuta, nadziphunzitsa okha, chala pamzere uliwonse. Luso limeneli ndilo linawapezetsa ntchito yolemba makalata pa sukulu ija. Dzina lokha la taipi ndilo linawakakamira.

Tsiku lina mwini sukulu, amene onse ankawatchula kuti Aphunzitsi Aakulu, analowa m'chipindamo naima pafupi ndi windo.

"Mayi, ndisakubisireni," anatero. "Makalata masiku ano aliyense akudzilembera pa foni. Chipinda chino aphunzitsi a zosoka akuchifuna kuti azisungiramo nsalu. Koma ndamva kuti masukulu ena akuphunzitsa anthu pa intaneti, munthu ali kwawo. Mukatikonzera tsamba la pa intaneti lotero, ophunzira n'kumalowamo, chipinda chikhalabe chanu. Chigawo chino cha maphunziro chikatha asakulowamo, tidzatsanzikana mwaulemu."

"Ndamva, Bwana. Ndiyesa," anayankha Mayi a Taipi, manja ali pamiyendo.

Kunabwera katswiri wochokera ku kampani ya intaneti. Iye anaika pulogalamu ya maphunziro mu kompyuta yaikulu imene inkakhala pansi pa tebulo, analumikiza zingwe, ndipo pambali pake anaikapo kabokosi kakuda ka batire, kothandiza magetsi akazima. Atamwa tiyi, anati, "Zotsalazo n'zosavuta, amayi, muzingowerenga pa sikirini." Anatsika masitepe ndipo sanaonekenso.

Zotsalazo sizinali zosavuta. Tsamba linabwera lopanda kanthu, ngati nyumba ya lendi imene eni ake angosamuka kumene. Mayi a Taipi anayamba ndi kulemba dzina la sukulu pamwamba. Anaikapo chizindikiro chake, lumo lopingasana ndi nyundo, chimene poyamba chinatuluka chachikulu moti chinaphimba theka la tsamba, ndipo anavutika nacho kufikira atapeza pochepetsera. Mitundu anasankha yofiira ndi yachikasu, koma aphunzitsi a zamagetsi atasuzumira anati maso awo akutuluka misozi, ndiye anasintha n'kuika yoyera ndi yobiriwira. Maphunziro anawagawa m'zipinda zawozawo: kudula ndi kusoka, kukonza magetsi a m'nyumba, ndi ukalipentala. Mavidiyo anajambula ndi foni yotsamira pa mulu wa mabuku, aphunzitsi a zosoka akubwereza mawu awo kambirimbiri chifukwa cha kuseka. Wophunzira aliyense anamukonzera dzina lolowera ndi pasiwedi yake.

Sanakhulupirire maso awo okha. Anatsika kukabwereka foni yaing'ono yong'aluka galasi kwa mayi wogulitsa penti, ndipo anapeza kuti pa foni yotero batani lolowera linkabisala pansi penipeni, kumene munthu wosadziwa sakanalipeza. Analikweza pamwamba, nakulitsa zilembo kuti ndi okalamba omwe aziwerenga. Analowa monga mphunzitsi, analowanso monga wophunzira, ndipo zonse zinayenda bwino.

Madzulo aliwonse, nthawi yoweruka ikakwana, ankazimitsa kompyuta, n'kudina switchi ya pakhoma. Tsiku loyamba kabokosi ka batire kanayamba kulira ngati mwanapiye wotayika. Iwo anagwada, anapeza batani lake, nakatontholetsa. Kenaka anavundikira zonse ndi nsalu ya maluwa imene anaisoka okha. Mumtima mwawo nkhaniyo inali yomveka bwino. Kalata ikaponyedwa ku positi imakhala yachoka, ndipo taipi ingathe kuvundikiridwa. Tsamba nalonso, iwo ankaganiza, linali litatumizidwa kale ku intaneti, ndipo linkakhala kumeneko.

Anthu analembetsa ndithu: alonda a masana, ogulitsa m'masitolo, amayi olera ana a eni. Koma malo oonetsa amene atsegula phunziro ankangokhala opanda munthu, kupatula mmodzi kapena awiri nthawi ya nkhomaliro. Ena ankakwera masitepe kudzadandaula kuti tsamba silitseguka. Mayi a Taipi ankatenga foni ya wodandaulayo, n'kulitsegula pamaso pawo, ndipo linkatseguka mosavuta. Odandaulawo ankapepesa, n'kutsika ndi manyazi, osabweranso. Chigawo chinayamba kupendekera kumapeto. Tsiku lina aphunzitsi a zosoka analowa ndi tepi yoyezera, napempha mwaulemu kuti ayeze khoma la kuseri kwa tebulo. Mayi a Taipi anasuntha mpando, nawagwirira nsonga ya tepiyo.

Mwa amene analembetsa munali mlamu wawo, mlongo wamng'ono wa amuna awo, amene ankagulitsa mu sitolo ya nsapato ndipo ankafuna kuphunzira kudula madiresi. Iyeyu anafika kunyumba tsiku lina dzuwa litangolowa, foni ili m'manja, osagogoda.

"Alamu, sukulu yanu ija imagona ndi nkhuku."

"Yambani mwakhala pansi, mutipatse moni ngati munthu."

"Moni ndakupatsani ndi maso. Taonani apa."

Pa foniyo panali kachingwe kozungulira, kosafika kulikonse.

"Mwina ndi foni yanuyo," anatero Mayi a Taipi. "Yagwera kangati m'beseni imeneyi?"

"Foni yanga isiyeni, ilibe mlandu. Masana bwana wanga akapita kukadya, ndimabisala kuseri kwa makatoni, tsamba limatseguka bwinobwino. Ndikafika kunyumba, ndasamba, ndayala nsalu, lumo lili m'manja, ndiye zii. Lamlungu lonse zii. Kodi munalilemba ntchito ya mu ofesi, kuti liziweruka pamodzi ndi mabwana?"

Amuna a Mayi a Taipi, amene anali pampando wa pakona akusenda lalanje, anayankha osadzutsa mutu. "Mlongo wanga, ngati chinthucho chili ndi chingwe, usafunsenso kutali."

Mlamu uja anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mayi a Taipi sanaseke. Ananyamuka, navala nsapato, natenga makiyi.

"Alamu, tiyeni. Foniyo musaizimitse."

Anayenda wapansi m'msewu umene masitolo ake anali akutseka zitseko zachitsulo. Mlonda wa pa sukulupo, bambo wamkulu wa jekete lalitali, anadabwa kuwaona koma anatsegula geti. Atafika m'chipinda, Mayi a Taipi anavundukula nsalu, anadina switchi ya pakhoma, anadzutsa kabokosi ka batire, nayatsa kompyuta. Onse anaima akuyang'ana foni. Patapita kanthawi, lumo ndi nyundo zinaonekera.

"Ladzuka," anatero mlamu. "Mwadzuka bwanji, achimwene?"

Mayi a Taipi anakhala pampando pang'onopang'ono. Tsopano anazindikira kuti tsambalo silinachokepo m'chipindamo. Linkakhala mu kompyuta ya pansi pa tebuloyo, monga wogulitsa amakhalira m'sitolo yake, ndipo aliyense wofuna phunziro ankagogoda pomwepo. Anthu awo anali ogwira ntchito usana wonse. Nthawi yokhayo imene ankapeza mpata wophunzira ndiyo imene iwo ankakhala atatseka ndi dzanja lawo. Anakumbukira nkhope za amene anatsika masitepe akupepesa, ndipo anaweramitsa mutu.

Kudziwa vuto kunali kopepuka poyerekeza ndi zimene zinatsatira. Anafunika kutuluka m'chipindamo makina ali oyaka, pamwamba pa sitolo yodzaza ndi zitini za penti. Anachotsa mapepala onse patebulo, nawaika m'kabati. Anamanga katani kuti isakhudze chingwe. Anagwira pulagi ndi kuseri kwa dzanja kuti amve ngati ikutentha. Nsalu ya maluwa anaipinda, naiika m'chikwama. Anafika pakhomo, nabwerera kukagwiranso pulagi.

"Alamu, mukaigwiranso kachitatu ikufunsirani ukwati," anatero mlamu.

Mayi a Taipi anatembenukira kwa mlonda, amene anali atawatsatira. "Alonda, pepani, mphuno zanu zimamva utsi?"

"Amayi, ine ndimamva ndudu ya munthu wodutsa tsidya lina la msewu. Pitani mukapume. Ndizikwera kudzanunkhiza."

Anakankha chitseko ndi bondo, nakhoma. Kuseri kwake kunkamveka kamphepo ka kompyuta. Anatsika masitepe atagwira khoma.

M'mawa mwake anafika anthu onse asanabwere. Chipinda chinalipo, chofunda pang'ono. Atatsegula malo oonetsa ophunzira, anapeza mayina a anthu amene analowa madzulowo, ndipo mmodzi mwa iwo, mayi wolera ana, anali atamaliza phunziro loyamba la kusoka n'kufunsanso funso. Aphunzitsi Aakulu atafika, Mayi a Taipi anaimirira, nawafotokozera zonse monga zinachitikira, popanda kutchula katswiri uja. Anapempha zinthu ziwiri: kuti aphunzitsi a zamagetsi aunike zingwe zonse za m'chipindamo, ndi kuti awalole kuimbira foni wophunzira aliyense amene anabwezedwa.

Aphunzitsi Aakulu anayang'ana mayinawo nthawi yaitali. "Ndiye kuti anthu ankabwera," anatero.

"Ankabwera, Bwana. Ankapeza potseka."

Mayi a Taipi anawaimbira okha ophunzirawo, mmodzimmodzi, ndipo kwa aliyense ananena mawu omwewo: "Foni yanu inalibe vuto. Pepani, yesaninso madzulo ano." Ambiri anayesanso. Chigawo chitatha, nsalu za aphunzitsi a zosoka zinapezeredwa malo pansi pa masitepe, ndipo Mayi a Taipi akugwirabe ntchito m'chipinda chakumapeto mpaka lero.

Owerenga olemekezeka, mwa zonse zimene zalembedwa pano, mukupemphedwa kusunga chinthu chimodzi chokha: mayi ameneyu amasiya kompyuta ija ili yoyaka madzulo aliwonse, ndipo palibe tsiku ndi limodzi lomwe limene kutero kunawapepukira.