Mkono wa Bambo a ku Biwi

Mwana wanga woyamba anabadwira pa kachipatala kena ku Area 25. Tisanatuluke, maso ake anasintha mtundu. Anamwino anati ndi chikasu, ndipo chikakula chimaononga ubongo. Mankhwala ake n'kumugoneka pansi pa nyale ya buluu. Nyaleyo inalipo imodzi yokha, ndipo kabokosi kake kolandira magetsi kanali katapsa dzulo lake, magetsi atabwerera ndi ukali monga amachitira kuno.

Anaitana bambo ena a ku Biwi okonza zamagetsi. Anafika m'mawa, aafupi, aimvi, chikwama cha zida chili m'khwapa. Kabokosi kopsako anangokanunkhiza n'kukakankhira pambali, n'kuyamba kumanga kena. Ine ndili pabenchi, mabere akuwawa, mtima uli m'malere.

Nthawi ya nkhomaliro isanakwane, nyale inayaka. Ndinanyamuka ndi mwana.

"Dikirani kaye, mayi," anatero bambowo, n'kuzimitsa.

Anatuluka, n'kukhomera chitsulo m'nthaka kuseri kwa windo, n'kulumikizako waya wochokera ku kabedi ka mwana, kuti magetsi akasochera athawire pansi. Anayeza ndi mita yawo, n'kuyezanso. Fyuzi anasintha, ati inalipoyo inali yaikulu, sikanaduka msanga. Tsono ine pakamwa panga sipachedwa, ondidziwa amadziwa.

"Abambo, kodi mukumanga nyumba? Mwanayu akudwala lero, osati mawa."

Iwo anangovula nsapato, n'kuima pa simenti, n'kumakhudza chitsulo cha kabedi ndi kunja kwa dzanja, ngodya ndi ngodya. Kenako anayatsa nyale, anapinda mkono wa malaya, n'kugoneka mkono wawo pamene pakagone mwanayo, kuti amve ngati nyaleyo ikuotcha. Basi, n'kungokhala phee. Anakhala, anakhala, mpaka phewa linayamba kunjenjemera. Ndinalira ndi mkwiyo, ndipo ndinauza anamwino mokweza kuti achikulirewa akungochita matama.

Atachotsa mkono m'pamene anandiyang'ana.

"Mayi, ife akuluakulu magetsi akatigwira timalumpha, moto ukatiotcha timasuntha. Uyu angogona pomwepo, sadziwa kuthawa. Tsopano m'bweretseni."

Ndinanyamula mwana n'kupita naye pa nyalepo.

Chikasu chija chinatha patapita masiku. Lero mwanayo ali ku sekondale, ndipo pakamwa anatengera ine, tikayambana m'nyumba oyandikana nawo amazimitsa wailesi. Bambo aja sindinawaonenso. Ndikamadutsa ku Biwi pa minibasi ndimasuzumira m'timashopu ta mawaya, koma aimvi ndi ambiri kumeneko.

Ndimawathokoza mpaka lero, ndipo sindidzasiya. Tsiku limenelo anamwino anamanga mwana kansalu m'maso, n'kundiuza kuti ndimugoneke ndekha. Ndinali ndi mantha, ndiye ndinayamba ndagwira kaye pogonapo ndi chikhatho. Panali pakadali pofunda ndi mkono wa munthu amene sankamudziwa n'komwe mwana wanga.